Ulendo wa ku Bletchley: kuzindikira makompyuta a m'masewero akale a pa kanema

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Britain amene timagwira ntchito zamagetsi ndi zamakompyuta linapita ku The National Museum of Computing, nyumba yosungira makompyuta akale ku Bletchley Park, titanyamula zithunzi zomwe tinadula m'masewero a pa kanema a zaka za m'ma 1960 mpaka 1980. Funso linali limodzi: makina amaphethira kumbuyo kwa ochita sewerowa ndi makompyuta enieni kapena matabwa opaka penti, ndipo ngati ndi enieni, ndi ati?

Sitima yochokera ku London Euston imafika ku Bletchley pasanathe ola, ndipo kuchoka pa siteshoni mumayenda wapansi mphindi zochepa. Amene mudzapite mudziwe kuti nyumba ya makompyutayi ili mu Block H ndipo tikiti yake ndi yosiyana ndi yoonera malo ena onse a Bletchley Park. Sitsegula masiku onse, choncho fufuzani musananyamuke.

Tinakhalitsa pa kompyuta ya Harwell Dekatron, yomwe ambiri amaitcha WITCH. Inamangidwa ku Harwell kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, inasamutsidwira ku Wolverhampton mu 1957, ndipo inadzutsidwanso kuno mu 2012. Imalemera matani 2.5 ndipo ili ndi mavalavu a dekatron (timachubu ta galasi towerengera manambala) 828. M'valavu iliyonse muli kadontho kowala kofiirira komwe kamatha kuima pa malo 10 ozungulira, ndipo pamene kaima ndiye nambala yosungidwayo. Mukaiyang'ana ikugwira ntchito mumaona chinthu chomwe chithunzi sichingakuphunzitseni: pa makina enieni timagetsi tambiri timangokhala chete, tochepa tokha ndi timene timasuntha, ndipo tikasuntha pamakhala chifukwa. M'masewero timagetsi tonse timaphethira pamodzi mobwerezabwereza, popeza okonza malo ojambulira ankagula nkhope ya makina otayidwa, n'kuchotsa zam'kati, n'kulumikiza mababu ku kachipangizo kongoyatsa ndi kuzimitsa. Nkhope ikhoza kukhala yeniyeni pomwe kaphethiridwe kake n'kabodza. Musaweruze makina ndi mmene akuwalira.

Chomwe sichinama ndi chiwerengero ndi kaikidwe ka mabatani, maswichi ndi mababu. Elliott 803 inatisonyeza bwino zimenezi. Pa kiyibodi yake pali mabatani 6, kenako 13, kenako limodzi lapakati, kenako 6 ndi 13 kachiwiri. Mukaphatikiza mupeza 39, ndipo liwu limodzi la makinawa (zomwe amawerenga pa kamodzi) ndi ma bit 39 (bit ndi 0 kapena 1), lonyamula malamulo awiri. Mmisiri wa matabwa wongofuna kukongoletsa sangagawe mabatani chotero mwangozi. Lamulo lomweli limagwira ntchito pena paliponse. Maswichi ogawidwa atatuatatu amaloza makina owerenga m'ma 8, monga PDP-8 ya kampani ya DEC yokhala ndi ma bit 12, PDP-11, ndi Altair 8800 ya mu 1975. Ogawidwa anayianayi amaloza kuwerenga m'ma 16, ndipo maswichi aakulu ophwatalala ofiira ndi abuluu m'magulu a anayi ndi chizindikiro cha IMSAI 8080. Anthu amasokoneza Altair ndi IMSAI chifukwa zam'kati mwake n'zofanana, koma maswichi a Altair ndi tizitsulo ting'onoting'ono.

Pali gulu lachitatu lomwe limapezeka kawirikawiri m'masewero: makina owerenga m'ma 10, pomwe nambala iliyonse imasonyezedwa ndi mababu 4 oimira 8, 4, 2 ndi 1. Zithunzi zathu za Batman (1966 mpaka 1968) ndi Lost in Space (1965 mpaka 1968) zinali za mtundu uwu. Ndi nkhope ya Burroughs 205, yomwe poyamba inali Datatron ya kampani ya ElectroData, yogulidwa ndi Burroughs mu 1956. Liwu lake ndi manambala 10 ndi chizindikiro chimodzi, kotero mumawerenga mizere 4 ya mababu a neon yokhala ndi mababu 11 uliwonse. Mukapeza 4 kutsika ndi 11 kupingasa, mkangano watha. Makinawa kuno kulibe, tinangoyerekeza ndi zithunzi zake zosindikizidwa. Chimodzimodzinso zipupa za timagetsi za mu The Time Tunnel (1966 mpaka 1967): zinachotsedwa pa AN/FSQ-7 ya IBM, kompyuta ya asilikali a ku America ya dongosolo la SAGE loteteza dziko ku ndege za adani, yolemera matani pafupifupi 250, ndipo zidutswa zake zilipo ku Computer History Museum ku Mountain View, California.

Ku Britain nkhope imene inkabwerekedwa chotere ndi ya ICT 1301, ndipo inaonekapo mu Doctor Who ndi mu Blake's 7. Imodzi mwa makinawa, yotchedwa Flossie, inagwira ntchito ku University of London kuyambira mu 1962 ndipo inaperekedwa ku nyumba ino mu 2013. Liwu la 1301 ndi manambala 12, kotero musaisokoneze ndi Burroughs ija ngakhale zonse zimawerenga m'ma 10. Inapangidwanso kuti izitha kuwerengera mapaundi, mashiling'i ndi mapeni, ndalama zomwe ifenso ku Malawi tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971.

Makabati a matepi amathandiza pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi muyeso. Gudumu la tepi ya kompyuta ndi mainchesi 10.5 m'mimba mwake, tepi yake ndi theka la inchi m'lifupi ndi mafiti 2,400 m'litali, choncho likaoneka pa chithunzi mwapeza rula yoyezera zonse zoyandikana nalo. Rack (chimango chachitsulo chomangirirapo zipangizo) nayo ndi mainchesi 19 m'lifupi ndipo imakwera ndi mainchesi 1.75 gawo lililonse. Bolodi lomwe msinkhu wake sukugawika ndi 1.75 silinapangidwire rack. Chachiwiri ndi kayendedwe. Makina ngati IBM 729 ali ndi timipata tiwiri tatitali pansi pa magudumu, momwe mpweya umakokera tepi kuti ilendewere, cholinga isaduke poima ndi ponyamuka mwadzidzidzi. N'chifukwa chake magudumu enieni amayenda modukizaduka, lililonse pa nthawi yake. Akamazungulira onse awiri mosalekeza pa liwiro limodzi, dziwani kuti kumbuyoko kuli injini wamba. Muonetsetsenso m'mbali mwa tepiyo: Elliott 803 inkagwiritsa ntchito filimu ya maginito ya 35 mm yokhala ndi timabowo m'mphepete, osati tepi ya theka la inchi.

Zosonyezera manambala zimaulula zaka. Nixie, kachubu ka galasi kosonyeza nambala, imawala mofiirira, manambala ake ndi opindika bwino ndipo saima pa mzere umodzi, ena ali kutsogolo ena mkati mwa galasi, chifukwa nambala iliyonse ndi waya wakewake. Manambala ofiira a timizere 7 a LED anafala m'ma 1970. Chipangizo sichingakhale chatsopano kuposa sewerolo, koma kukhala chakale ndi zaka 10 si chachilendo, popeza ojambula ankagula zotsika mtengo zomwe makampani atopa nazo.

Pa kadulidwe ka zithunzi, zolakwa zathu zambiri zinachokera pamenepa. Mu VLC, pulogalamu yoonera kanema, batani la E limasuntha kanema chithunzi chimodzichimodzi, ndipo Shift ndi S zimasunga chithunzicho pa Windows. Dulani zithunzi zosachepera 5 za makina amodzi, chifukwa babu lozima pa china limayaka pa china ndipo mukadalira chimodzi mudzawerenga mopereweza. Onetsetsani kuti kanemayo ali pa 4:3 (4 m'lifupi, 3 mu msinkhu). Makope ambiri a pa intaneti anatambasulidwa kufika pa 16:9, gudumu lozungulira limasanduka ngati dzira, muyeso wonse n'kusokonekera. Makope ena anatembenuzidwa kumanzere kukhala kumanja, ndiye yang'anani zolemba kapena wotchi ya pakhoma. Masewero a ku America tatchulawa anajambulidwa pa filimu ya 35 mm, kotero pa kope labwino ngakhale zilembo za pansi pa maswichi zimawerengeka. A BBC zochitikira m'situdiyo ankazijambula pa tepi ya vidiyo, ndipo pamenepo zilembo zimafufutika, mumangodalira kuwerenga mizere ndi magulu.

Tinamalizira m'chipinda cha ma BBC Micro, momwe alendo amaloledwa kuwagwiritsa ntchito. Kompyuta iyi ya Acorn ya mu 1981 imadziwika ndi mabatani 10 ofiira, f0 mpaka f9, pamwamba pa kiyibodi yakuda. Master 128 ya mu 1986 ili nawonso, koma ili ndi mabatani a manambala kumanja ndi timipata tiwiri ta makatiriji, pomwe Electron ya mu 1983 ndi yaing'ono ndipo ilibe ofiirawo. Nthawi zambiri bokosi lake silioneka m'sewero, imaoneka ndi sikirini yokha, monga pa tebulo loyendetsera chombo cha TARDIS mu Doctor Who kuyambira mu 1983. Apa werengani zilembo: Mode 7, kamodzi mwa kaonekedwe ka sikirini yake, imapereka zilembo 40 pa mzere ndi mizere 25, zopangidwa ndi chip ya SAA5050, zofanana ndi za Ceefax, masamba a nkhani olembedwa amene BBC inkaonetsa pa TV.

Anzathu amene mwaganiza zogula BBC Micro yakale kuti muziyerekezera kunyumba, musaiyatse musanatsegule gawo la magetsi. Muli ma capacitor (tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi) awiri a kampani ya RIFA, a 100 nF ndi 10 nF, omwe chikopa chake chimang'aluka ndi ukalamba, chinyezi n'kulowa, kenako amaphulika ndi utsi wonunkha. Asintheni ndi atsopano a mtundu wa X2, musinthenso wa 220 µF yemwe akafooka makina amakana kudzuka. Zulani pulagi kukhoma ndipo muyeze ndi mita kuti ma capacitor aakuluwo atha mphamvu musanaikepo dzanja.