Ulendo wa ku Lizulu: banki m'khonde yoyamba ndi za kunyumba

Loweruka lapitali ife a gulu la banki m'khonde la ku Linthipe tinakacheza ndi anzathu a kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Tinanyamuka pa minibasi kukadali chifunga, n'kudutsa pa boma la Dedza mpaka pomwe msewu wa M1 umayenda m'malire, Mozambique ali kudzanja lamanja. Tinatsikira pamsika, pakati pa milu ya kabichi ndi mbatatesi.

Chinatiyendetsa ndi ngongole. Chaka chatha gulu lathu linataya mamembala pa nthawi yogawana, ena mpaka lero sapatsana moni. Tinamva kuti anzathuwa amabwereketsa ngati ife koma sabalalika.

Bokosi lawo lili ndi maloko atatu ngati lathu. Kusiyana kwake n'kwakuti silitsegulidwa asanamalize gawo lomwe amalitcha "za kunyumba". Wapampando amafunsa aliyense mmene wagonera, ndipo yankho loti "bwino" lokha salilandira. Mayi wina anafotokoza kuti amuna awo ali ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama, pomwe mbatatesi zomwe anatengera ngongole zinapsa ndi chiwawu. "Ndikagona, mutu umangowerengera ndalama mpaka tambala kulira," anatero akupotokola nsonga ya chitenje. Palibe anawadula mawu. Kenaka gulu linawaonjezera mwezi wobwezera, n'kuwapatsa kangachepe ka m'thumba la zadzidzidzi kopanda chiwongoladzanja, ndipo amayi awiri anadzipereka kukawathandiza kudimba.

Apa ndi pomwe panandikhudza. Kwathu munthu wotere tikanamulembera chindapusa, mawa lake n'kukamulanda mbuzi, iye n'kuthamangira kwa akatapila. Anzathuwa salanda katundu asanakhale pansi ndi banja lonse, ndipo ngati ngongoleyo yautsa mkangano m'nyumba amaitana ankhoswe.

Abambo ali ndi kagulu kawo. Amakumana pa bawo madzulo chifukwa, monga ananenera mkulu wina, mwamuna ukamuitanira "uphungu" sabwera, koma pa bawo amamasuka yekha. Mkuluyo anadandaula ndi mawu oti mwamuna salira. Anatikumbutsa kuti malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi abambo, ndipo zifukwa zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja.

Sadzitenga ngati madokotala. Munthu akasiya kudya ndi kugona kwa masiku ambiri, kapena akayamba kunena zoti moyo wamukwana, samusiya yekha: amamuperekeza kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala cha boma ku Ntcheu. Nkhani za nkhanza, monga kumenyedwa, amazipititsa ku Victim Support Unit ya apolisi, osati kuzikwirira ndi mawu oti banja ndi kupirira.

Pobwerera m'minibasi munali mtsutso. Asungichuma athu anati banki si tchalitchi, ndalama za anthu zikachedwa phindu limachepa. Sindikugwirizana nawo, chifukwa phindu lomwe tinagawana chaka chatha silinabweze anthu omwe anachoka. Koma nkhawa ya amayi ena ndiyomveka: mudzi wathu ndi wa miseche, ndipo chomwe wanena pagulu chingathe kukafika pa mjigo dzuwa lisanalowe. A ku Lizulu amalipiritsa woulula chinsinsi, akabwereza amamuchotsa. Lamulo limeneli ifenso tiyenera kuyamba nalo.

Tinagwirizana kuyesa "za kunyumba" kwa miyezi itatu kuyambira msonkhano ukubwerawu. Za kagulu ka abambo tidzakambirana ndi amfumu kaye. Anzathuwo adzabwera kwathu tikakolola, kudzaona mmene tikulembera mabuku, poti pamenepo anati tinawaposa.