CG125 yomwa oyilo: zomwe geji yawerenga ndi zomwe tapeza mkati

Ntchito pa injini ya njinga yamoto ya Honda CG125 yalowa sabata yachitatu. Ndi injini ya ma pushrod (timitengo tachitsulo tokankha mavavu), silinda yake ndi ya 56.5 mm m'mimba mwake, ndipo zaka zake zambiri yathera pa fumbi la ku East Bank m'chigwa cha Shire, pakati pa Thabwa ndi Fatima, ikusenza matumba. Imalira bwino, kiki imodzi kapena ziwiri, koma oyilo imamwa ngati munthu wochokera kumunda mu Novembala.

Tisanamasule bawuti iliyonse tinayamba tayeza kuti ikumwa wochuluka bwanji. Tinaimika njinga pa sitandi yapakati pamalo osapendekera, kuthira oyilo wa 20W-50 wa njinga zamoto mpaka pa chizindikiro chapamwamba. Kandodo koyezera oyilo ka injini izi mumangokakhazika pakamwa, osakapotokola, apo ayi kamakunamizani kuti oyilo alipo wambiri. Itayenda makilomita 500 tinabwezera ndi jekeseni wopanda singano, ndipo analowa 280 ml. Injini yonse imalandira pafupifupi lita imodzi, ndiye wina atangoyenda osasuzumira, pofika makilomita 1,500 m'kati mungatsale pang'ono kuuma. Nunkhizaninso kandodoko. Singano ya mu kabureta ikamadontha usiku, petulo amatsikira mu oyilo n'kudzaza malo a yemwe wapsa, ndipo mlingo umaoneka ngati sukusintha pomwe oyilo wasanduka madzi. Yathuyi sinkanunkha petulo.

Zodontha zakunja sizinatitayitse nthawi. Tinatsuka injini ndi parafini, kuiumitsa, kuyenda pang'ono pamsewu wa dothi. Fumbi la kuno limagwira ntchito yonse lokha, chifukwa pomwe panyowa limamatirira n'kuda. Panapezeka pawiri: pa silu ya kuseri kwa siporoketi yakutsogolo ndi pa rabala ya chivundikiro cha mavavu. Katoni yomwe tinayala pansi usiku wonse inagwira madontho atatu okha. Madontho atatu sangathe 280 ml, ndiye oyilo akupsera m'kati.

Utsi umanena zambiri mukadziwa nthawi yomwe ukutuluka. Wabuluu wongotuluka m'mawa polizira kenako n'kutha, kapena wotuluka potsetsereka mutatseka mafuta pa chogwirira, kawirikawiri umachokera ku masilu a mavavu. Wotuluka pokwera, injini ikukoka, ndi wa maringi. Chitunda cha Thabwa chopita ku Blantyre chimayesa zonse ziwiri pa ulendo umodzi, bola wina azitsatira kumbuyo akuyang'ana ekizozi. Pokwera utsi unali wosabisika, potsika unali wochepa. Pulagi ya D8EA inatuluka yakuda, yonyowa m'mazinga, ndipo paipi yopumira injini inkalavula nthunzi ya oyilo.

Tsopano geji yoyezera mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Injini itenthe kaye mphindi 10, muzimitse, mutseke petulo, muchotse pulagi n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini ili mu kapu yake kuti koyilo isavutike. Mangani geji ya mazinga a 12 mm. Ija yongokanikiza ndi rabala imataya mpweya mukamaponda kiki. Choko akhale wotsegula, ndipo mafuta a pa chogwirira muwatsegule mpaka mapeto. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa mukaponda kabureta ili yotseka injini simeza mpweya wokwanira ndipo geji imawerenga pansi ngakhale injini ili yabwino. Pondani mwamphamvu mpaka singano isiye kukwera, nthawi zambiri ka 6 kapena ka 8, ndipo bwerezani katatu.

Tsiku loyamba tinapeza 105 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wopanikizika). Injini ya mtundu uwu ikakhala yathanzi imafika cha m'ma 150 mpaka 180. Sitinathamangire kutsegula, chifukwa vavu yothina imatsitsanso nambala. M'mawa mwake, injini itazizira, tinalunjika chizindikiro cha T pa fulayiwilo, pisitoni ili pamwamba mavavu onse atatseka. Poyeza mpata wa mavavu, vavu yolowetsa inali pa 0.07 mm, koma yotulutsa inkangolola 0.02 mm. Ikatentha, makamaka masana a kuno pomwe dzuwa limadutsa madigiri 40, mpata ngati umenewo ndi wosadalirika ndipo vavu imatha kupsa. Zonse tinaziika pa 0.08 mm. Titatenthetsanso, geji inawerenga 125 psi. Kenako tinathira 5 ml ya oyilo pa bowo la pulagi, kuponda pang'onopang'ono kawiri kuti afalikire, n'kuyezanso: 160 psi. Oyilo amatseka mpata wa maringi kwa kanthawi, koma sangatseke vavu yotayikira, ndiye kulumpha kwa 35 psi kukuloza maringi ndi silinda. Musapyole 5 ml, oyilo wochuluka amachepetsa malo m'mutu wa injini n'kukweza nambala pachabe.

Pali zinthu ziwiri zomwe geji sikuuzani. Choyamba, kuno kuchigwa tili pansi kwambiri, pomwe Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Injini yomweyo ingawerenge mochepera ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kumtundako, choncho musafanizire nambala ya ku Nchalo ndi ya mnzanu wa ku Limbe. Chachiwiri n'chachikulu: ringi yachitatu, yopala oyilo, siioneka pa geji. Ikhoza kufa maringi awiri apamwamba akadali bwino, ndipo oyilo yemwe ikulephera kupalayo ndi mwaye wouma pa pisitoni zimakweza nambala. Injini yowerenga 165 psi ikhoza kumwa oyilo kuposa yathuyi.

Titachotsa mutu ndi silinda zinaonekera poyera. Ringi yopala oyilo inali itamatirira mu mpata wake ndi mwaye wolimba ngati chikang'a cha nsima pansi pa poto, ndipo timabowo tobwezera oyilo m'kati mwa pisitoni tinali titatsekeka. Ringi yapamwamba tinailowetsa yokha mu silinda, kuikankha ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, ndipo mpata wa kumapeto kwake unali 0.75 mm, pomwe yatsopano imakhala pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Khoma la silinda linali lonyezimira ngati galasi, mizere yopingasa yomwe imakhala pa khoma la silinda yatsopano itafufutika, ndipo kumbali yolowera mpweya kunali zikande zotsika zomwe chikhadabo chimakola.

Gwero lake linali kunja kwa injini. Siponji ya filita ya mpweya inali itafumbutuka, ukaifinya imayoyoka ngati chigumu chouma, ndipo rabala yolumikiza bokosi la filita ndi kabureta inali itang'ambika kunsi, komwe diso silifika. Chala chitalowa kukhosi kwa kabureta chinatuluka ndi mchenga wosalala. Zimapweteka kuona injini yolimba chonchi itadyedwa chifukwa cha siponji yotsika mtengo kuposa lita ya oyilo.

Maringi okha sitiika. Pa khoma lokandika chotero sangakhazikike, ndipo utsi ungabwerere pasanathe miyezi ingapo. Silinda yapita ku Blantyre limodzi ndi pisitoni yatsopano yokulirapo ndi 0.25 mm, kuti akaiboole motsatira pisitoniyo. Zikande zikakana kutha tidzakwera pa 0.50. Tagula kale magasiketi, masilu a mavavu, silu ya siporoketi, tizitsekero tatsopano ta pini, siponji ndi rabala ya kabureta. Podikirapo tikutsuka kasefa ka oyilo kapansi ndi filita yozungulira ya kuseri kwa chivundikiro cha kilachi, chifukwa mchenga womwe unadutsa maringi uli m'menemo. Ikadzamangidwa, oyilo woyamba tidzamutaya pa makilomita 300, ndipo geji idzabwereranso pa makilomita 1,000.