Seva inafa Lachisanu, backup n'kupezeka yopanda kanthu

Ndikulemba izi mutu ukadali waukulu. Masiku atatu ndakhala ndikulimbana ndi seva ya kuntchito (kompyuta yaikulu yosunga mafayilo athu onse), yomwe inasankha kufa Lachisanu madzulo anthu akuweruka.

Disiki ikayamba kulira kuti kwe kwe, kapena smartctl, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki, ikakuonetsani kuti ma sector (tizigawo ta disiki) owonongeka akuchuluka, zimitsani kaye. Ine sindinatero. Ndinathamangira fsck, pulogalamu yokonza dongosolo la mafayilo pa disiki, poganiza kuti ndithana nazo msanga, osakumbukira kuti fsck imalemba pa disiki yodwala yomweyo. Ndinangowonjezera bala. Choyenera n'kukopera disiki yonse pa ina yatsopano ndi pulogalamu ya ddrescue, n'kumakonza kopelo. Ddrescue imayamba ndi mbali zowerengeka bwino, zovutazo imazibwerera pambuyo, ndipo imasunga pamene yalekeza moti ikaduka mumapitiriza pomwepo.

Mtima unali m'malo poyamba chifukwa tinali ndi RAID 1, ma disiki awiri osunga zinthu zofanana kuti ina ikafa inayo ipitirize. Ndikumati kuyang'ana, ina inafa kalekale, seva ikuyendera mwendo umodzi, machenjezo a mdadm, pulogalamu yoyang'anira RAID, akupita ku imelo ya munthu amene anasiya ntchito. Komanso RAID si backup. Mukafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika mbali zonse nthawi imodzi.

Ndiye ndinati palibe vuto, cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imapanga backup ya database usiku uliwonse 2 koloko. Foda inali yodzadza, mafayilo ali ndandanda ndi madeti ake, okongola. Kukula kwake? Ma byte 20 iliyonse. Thukuta linayamba kutsika. Wina anasintha password ya database milungu isanu yapitayo, mysqldump yokopera database n'kumakanidwa kulowa, koma gzip yochepetsa mafayilo imangopanikiza mpweya n'kutulutsa fayilo yopanda kanthu, script n'kumati zonse zayenda. Mzere umodzi wa set -o pipefail, wopangitsa script kuzindikira kuti mysqldump yalephera, ndi chenjezo lopita kwa munthu wamoyo zikanatipulumutsa. Yesani kubwezeretsa backup yanu. Musamangoona dzina la fayilo, itseguleni.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi Loweruka. Kope lina timasunga ku kampani ina ya pa intaneti, m'gawo lotsika mtengo lija losungira zinthu zakale. Palibe anatiuza, kapena tinene kuti palibe anawerenga, kuti kumeneko fayilo simuitenga nthawi yomweyo. Mumapempha, n'kudikira maola ambirimbiri, ndipo kutulutsako kumalipiridwa padera. Ndinalemba pempho m'mawa, anandiyankha ndi uthenga wa makina woti alandira. Masana zii. Ndinalembanso, wina n'kundifunsa nambala ya akaunti yomwe inali pamwamba pa uthenga womwewo. Uku bwana akuimba ola lililonse kuti “Zafika pati?” ine n'kumati “Tikudikira, bwana,” ngati ndikunama. Tsiku lonse lathunthu kungoyang'ana kompyuta. Mafayilo anabwera usiku.

Ndayiwala kunena: kiyi yotsegulira backup imeneyo inali pa seva yakufayo. Mwayi wake ddrescue inaipulumutsa. Isungeni kwina, ngakhale papepala lotsekeredwa bwino.

Lamulo la 3-2-1 lija, makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi kutali, ndinkaliona ngati zonena za m'kalasi. Koma mu Marichi 2021 moto utawononga nyumba ya ma seva ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ku France, ena anataya zonse chifukwa backup yawo inali pamalo omwewo. Kutali kuzikhala kutalidi.

Lamlungu ndinaika Linux pa ma disiki atsopano, n'kubwezeretsa database ya milungu isanu yapitayo kuchokera ku kope la pa intaneti lija, zina n'kutola pa kope la ddrescue. Musanatsegulire anthu, werengani mizere ya m'matebulo ofunika muone ngati ikugwirizana ndi zimene mukudziwa. Tsopano mwezi uliwonse ndizibwezeretsa backup pa kompyuta yakale ili pakona, ndaika kale pa kalendala. Yesani yanu inunso sabata ino. Ma invoice amene anasowa, atatufe tikuwalembabe pamanja kuchokera pa mapepala, tafika pa ma invoice a mlungu wachiwiri mwa isanu ija.