Zikomo amama, bungwe lathu lapulumuka

Abale anga, satifiketi ya bungwe lathu lobwezera atsikana kusukulu yatuluka ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo maodita asainira mabuku athu osapezamo chotitsutsa. Ambuye alemekezeke. Thupi lonse likuwawa ndi kutopa, koma sindingagone ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa kale zimene tadutsamo. Bambo athu amene anayambitsa bungweli atatisiya, anapita ndi zonse m'mutu mwawo: manambala a anthu otithandiza, pasiwedi ya imelo, ngakhale dzanja losainira ku banki. Tili pakati polira, thandizo lochokera ku America linaimitsidwa mu Januwale 2025, ndipo bungwe lalikulu limene linkatigawira kangachepe linatilembera kalata yoti tiyambe taima. Pamenepo n'kuti bajeti yathu itatha kale mphamvu chifukwa cha kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Atsikana athu a ku Chiputula ndi ku Masasa, amene tinawabwezera kusukulu atabereka, anayamba kubwera ku ofesi kudzafunsa za fizi, ine ndilibe yankho. Eni nyumba nawonso ankafuna lendi yawo, ndipo sindingawadandaule.

Ndiye kunabwera amama.

Dzina lawo sinditchula chifukwa andiletsa, koma a ku Katoto mukuwadziwa, mayi aja anapuma ntchito ya zowerengera ndalama. Mnzanga wa ku Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, ndi amene anawauza za ife. Ine ndinkaganiza kuti adzatiuza mawu olimbikitsa, kutipempherera, n'kumapita. Anafika m'mamawa wina mu Juni, kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa m'mafupa, atakwera sakaramento, njinga ya kabaza, kamvula kowaza katanyowetsa chitenje chonse. Anapempha tiyi wopanda shuga, kenako anati tibweretse malisiti onse. Tinawatulutsira makatoni a sopo. Anayala mphasa pansi, anakhala, n'kuyamba kusanja mwezi ndi mwezi. Malisiti ena a pa filing'i siteshoni anali atafufutika kale, anangotsala pepala loyera, ndipo ankawaunika pa windo kuti aone tsiku. Kuyambira pamenepo lisiti iliyonse yotere timaijambula pa fotokope tsiku lomwelo, n'kuimata kumbuyo kwa vaucha yake.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti anakana kugwira cholembera. Ndinawachonderera kuti angotilembera mabukuwo popeza iwo akanamaliza msanga, koma anati iwo ndi okalamba, ndipo sakufuna kuti bungweli lidzalirenso maliro a munthu mmodzi kachiwiri. Cholembera anapatsa mtsikana wathu wa pa desiki, amene ali ndi MSCE yokha basi. Anamuphunzitsa kashi buku, mavaucha, ndi kufananitsa buku lathu ndi sitetimenti ya ku banki mwezi ukatha. Tsiku lina zinasiyana ndi K2,000. Ine ndinati tingoika ya m'thumba zithe. Amama anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo anakhala ndi mwanayo mpaka dzuwa kulowa, mpaka anapeza kuti inali ndalama imene anatidula potapa pa Airtel Money koma sinalembedwe paliponse. Mtsikanayo anatuluka panja akulira ndi chimwemwe. Lero ndi iyeyo amene wakhala maso ndi maso ndi maodita n'kumayankha funso lililonse, ine ndili phee pambali.

Ineyo sanandinyengerere. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mkulu wa bungwe sangakhale yemweyo wopempha ndalama, wovomereza, wokagula ndi wosunga lisiti, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, chifukwa malamulo amenewa amateteza iyeyo poyamba. Tsopano cheke chilichonse chimasainidwa ndi anthu awiri. Tisanagule chinthu chachikulu timafunsa mitengo kwa ogulitsa atatu. Wa m'bodi amene m'bale wake akufuna kutigulitsa katundu amanena poyera ndipo amatuluka tikamakambirana. Anandiperekeza kukakonza za TPIN, nambala yathu ya msonkho, ku MRA ndipo anandilongosolera za msonkho umene tiyenera kudula tisanalipire munthu amene watigwirira ntchito. Ine ndinaphunzira za chitukuko cha m'madera, ndimadziwa kulankhula ndi mafumu ndi makolo, koma izi palibe anandiphunzitsapo. Takhalapo pa maphunziro a m'mahotela a kunyanja, tinabwerako ndi mafayilo okongola. Sindikuwanyoza, koma chimene chatidzutsa ife ndi munthu amene anakhala nafe pa mphasa, ndi makatoni athu enieni.

Kwa anzanga a mabungwe ang'onoang'ono kuno kumpoto, ku Ekwendeni, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ndikupemphani musazengereze pa nkhani ya malipoti. Chisinthireni lamulo la mabungwe mu 2022, pamene NGO Board inasanduka NGORA, malipoti a chaka ndi chaka a ntchito ndi a zachuma amafunika ndithu, ndipo aliyense amene tamulembera pulopozo yopempha thandizo chaka chino wayamba wafunsa satifiketi ya NGORA, umembala wa CONGOMA (mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma) ndi lipoti la maodita asanawerenge n'komwe za atsikana athu. Zimapweteka, poti ndalama yolipira maodita kwa ife ndi fizi ya ana angapo, koma khomo ndi lomwelo.

Bodi yathu yatsopano, zikomo. Amama anatithandiza kulembanso malamulo oyendetsera bungwe kuti udindo uzikhala ndi malire a zaka, ndipo nawonso anakana mpando pamene tinawapempha kuti akhale wapampando. Aphunzitsi athu opuma aja, abusa, achimwene a ku Luwinga amene munatikonzera laputopu ulere, ndi mayi wachitsikana amene kale anali mmodzi wa ana athu ndipo lero ali m'bodi: mwakhala mukubwera ku misonkhano popanda alawansi, ena wapansi masiku amene mafuta anasowa mumzinda muno. Maminitsi alipo, asainidwa, ali mu fayilo imene aliyense akudziwa pamene ili. Amayi a banki mkhonde ku Chibavi, munatibwereketsa ya lendi pongokhulupirira mawu anga. Tabweza, koma ngongole ya mumtima ikadalipo. Amuna anga ndi ana anga, mwadya nsima yozizira kambirimbiri osang'ung'udza. Mulungu akuonjezereni masiku.

Enanu munkadzaza holo nthawi imene kunali maalawansi ndi chakudya cha masana, mafoni anu anasiya kulowa ndalama itaima. Ena mpaka munkauza anthu m'tauni kuti bungwe linaikidwa m'manda limodzi ndi mwini wake. Ndinamva. Sindikusunga chakukhosi, ndipo khomo ndi lotsekula, koma mukabwera mudzapeza kaundula wosainira ndi ntchito yoti mugwire.

Ndalama zambiri sitinapeze ayi. Tapeza thandizo laling'ono la chaka chimodzi, lokwanira fizi ya teremu ikubwerayi ndi malipiro a anthu awiri. Koma tikudziwa tambala iliyonse kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, ndipo ine nditadwala mawa ofesi itsekulidwa. Atate akumwamba, Inu amene mumaona za m'seri, mwaona maondo a mtumiki wanu uja mmene ankavutikira kudzuka pa mphasa. Muwachiritse, muwasunge, ndipo tipatseni mtima woti chimene atiphunzitsa tikaphunzitse ena. Mtsikana wathu wa mabuku wavomera kale kuti Lachisanu lililonse masana azikhala ndi gulu lililonse laling'ono lofuna kuphunzira kashi buku, ulere. Bwerani ndi malisiti anu mmene alilimo, musachite manyazi.

Amama, yewo chomene. Envelopu munakana, ndalama ya sakaramento munakana, chitenje munati tipatse mwana amene alibe yunifolomu. Loweruka tikubwera kwanu tonse, bodi ndi atsikana omwe, tanyamula nkhuku ndi nthochi. Chonde ulendo uno musatibweze.