Eti azungu amatula pansi udindo mwaulemu? Taonani za ku Britain mu 2022

Pali kankhani kena kamene timakonda kuuzana kuno, makamaka nduna ikapezeka ndi mlandu koma nkumakakamirabe pampando. Timati aaa kwa azungu sizitero, kuja munthu akalakwa amachoka yekha, ali ndi manyazi anthu aja. Ndazimva m'minibasi ya ku Chinkhoma, ndazimva pa bawo, ngakhale pa gulupu ya WhatsApp ya anzathu akusukulu zimabwera pafupipafupi. Ndipo chitsanzo chake chimakhala chimodzimodzi, Britain chaka cha 2022, ati onani nduna zazikulu zitatu chaka chimodzi. Ine chaka chimenecho nkhani za kumeneko ndinazitsata kwambiri chifukwa achemwali anga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ndiye ndikuuzeni, palibe anachoka mwaulemu apo. Anachita kukankhidwa.

Tiyambe ndi a Boris Johnson. Mkulu ameneyu anawina chisankho cha December 2019 ndi mphamvu zedi, chipani chake cha Conservative chinaposa zipani zonse kuphatikiza pamodzi ndi mipando 80. Kenako kunabwera Covid, boma lake lomwe nkuika malamulo oti anthu asamasonkhane, ena abale awo anafera m'chipatala osawaona nkomwe. Pomwe anthu akuvutika choncho, ku Downing Street komwe kuli ofesi ndi nyumba ya nduna yayikulu anthu ankangomwa vinyo. Ina mwa mapate amenewa inachitika usiku woti mawa lake aika maliro a Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, mu April 2021, maliro aja Mfumukazi inakhala yokhayokha pabenchi m'tchalitchi itavala masiki. Pa imeneyo a Johnson kunalibe, koma inali nyumba yawo ndi anyamata awo. Mu April 2022 apolisi anawalipiritsa chindapusa cha mapaundi 50 chifukwa cha kaphwando ka tsiku lawo lobadwa, a Rishi Sunak nawonso analipira. Nduna yayikulu yoyamba kulangidwa chifukwa chophwanya lamulo ili pampando.

Ndiye anatula pansi? Ayi ndithu. Anapepesa, nkupitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Lipoti la mayi Sue Gray linatuluka mu May lofotokoza za kuledzera, wina mpaka kusanza, ena kunyoza oyeretsa m'maofesi. Bambo aja phee pampando. Pa 6 June aphungu a chipani chawo chomwe anavota ngati akuwafunabe, 211 anati akhale, 148 anati achoke. Tangoganizani, anthu 148 a m'nyumba mwako akuti sakukufuna, iwo nkumati apambana bwino, tiyeni tipite chitsogolo. Manyazi ake ndi ati pamenepa?

Chimene chinasintha zinthu, mmene ndikuonera ine, ndi zisankho ziwiri zapadera za pa 23 June. Ku Wakefield mpando unapita ku Labour, ndipo ku Tiverton and Honiton, dera loti a Conservative anawina ndi mavoti oposa 24,000 pamwamba pa wachiwiri, unapita ku Liberal Democrats. Apa ndi pamene phungu aliyense anayamba kuwerengera zake, kuti ngati mpando wotetezeka chonchija wapita ndiye wangawu ulimba? Chaona mnzako chapita mawa chiona iwe. Ndiye itabuka nkhani ya a Chris Pincher, amene a Johnson anawapatsa udindo akudziwa kale za madandaulo a khalidwe lawo, anthu anangopezerapo poyambira. Pa 5 July a Sunak, nduna ya zachuma, ndi a Sajid Javid a zaumoyo anatula pansi madzulo amodzi. Pa 6 July, ife kuno tili pa holide ya ufulu wathu womwe tinalandira kwa iwo omwewo mu 1964, kumeneko makalata otula pansi akungogwa ngati mvula. Anthu oposa 50 anachoka m'boma masiku awiri okha. Ndipo onani kukakamira kwake, usiku umenewo mmalo mochoka a Johnson anachotsa ntchito nduna ina, a Michael Gove, omwe anawalangiza kuti achoke kkkk. Mayi wina, Michelle Donelan, anapatsidwa unduna wa zamaphunziro nkuusiya asanathe masiku awiri. A Nadhim Zahawi omwe anangoikidwa kumene pa zachuma nawonso analemba poyera kuti bwana pitani. Pa 7 July ndi pomwe anatuluka panja kukalengeza, ndipo m'mawu awo munalibe kupepesa kwenikweni, anangodandaula kuti ku Westminster gulu likayamba kuthamangira mbali imodzi onse amatsatira.

Munthu anachoka chifukwa panalibenso woti amupatse unduna. Basi.

Apa mpamene pali kusiyana ndi kwathu kuno, ndipo si nkhani ya mtima wabwino. Kumeneko nduna yayikulu siisankhidwa ndi dziko lonse ngati pulezidenti wathu, imakhala pampando chifukwa aphungu ambiri ali pambuyo pake. A Conservative ali ndi kakomiti kawo kotchedwa 1922 Committee, ndipo nthawi imeneyo aphungu 15 pa 100 alionse akalemba makalata mwachinsinsi kwa wapampando wake, a Graham Brady, voti yochotsa mtsogoleri imachitika. Ndiye phungu amaopa ovota a kudera kwake kuposa mmene amaopera bwana. Kuno phungu wa chipani cholamula ukamufunsa mseri akuuza zonse zimene zikulakwika, koma pa msonkhano ndi iyeyo woyamba kuyambitsa nyimbo, chifukwa chitukuko cha kudera, unduna, ngakhale mapulaimale omwe, zonse zimadalira kumwetulira kwa munthu mmodzi. Ife a ku Kasungu izi sitichita kuuzidwa. Kamuzu anakhala zaka zambirimbiri ku Britain komweko, anaphunzira ku Edinburgh, nkugwira udokotala ku Liverpool mpaka London, anatengako suti ndi chipewa ndi Chilatini cha ku Mtunthama, koma zoti anthu ako omwe akhoza kukuchotsa anazisiya konko. Pofika 1971 anali wamuyaya.

Kenako a Liz Truss. Awa sanasankhidwe ndi dziko, anavota ndi mamembala a chipani okha, iwo anapeza 81,326 a Sunak 60,399. Dziko la anthu oposa 60 miliyoni, mtsogoleri nkusankhidwa ndi kagulu kochepa choncho, izi okonda kuyamikira aja satchula. Pa 6 September anapita ku Balmoral ku Scotland kukaonana ndi Mfumukazi Elizabeth, pa 8 September Mfumukazi inamwalira ili ndi zaka 96, italamulira zaka 70. Ndale zonse zinaima kaye.

Maliro a pa 19 September ndinaonera mu babashopu ina pa boma pano chifukwa kwathu magetsi anali atathima, mwini wake ali ndi kajenereta. Tinadzaza, ena osabwera nkudzameta komwe. Panali agogo ena amene amati anaiona Mfumukazi ndi maso itabwera ku Malawi mu 1979, anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana asilikali apamadzi akukoka ngolo ya bokosi ndi zingwe, kenako anafunsa kuti, “Kodi anamfedwa ake ndi ati pamenepa? Nanga bwanji palibe akulira?” Mnyamata wometa anati, “Agogo, kumeneko amalira chamumtima.” Agogo aja anangopukusa mutu, ati maliro a mfumu opanda ndi mayi mmodzi yemwe wodzigwetsa pansi. Chinatiseketsa china ndi zithunzi za atsogoleri a ku Africa, a William Ruto ndi mayi Samia Suluhu Hassan, atawakweza basi pomwe a Joe Biden analoledwa kubwera ndi galimoto yawo. Anthu pa Facebook anakwiya, ine pang'ono ndinasangalala, kuti alaweko.

Maliro atangotha pa 23 September nduna yatsopano ya zachuma, a Kwasi Kwarteng, omwe makolo awo ndi ochokera ku Ghana, anabweretsa kabajeti kodula misonkho ndi mapaundi pafupifupi 45 biliyoni, kuphatikizapo kuchotsa msonkho wa 45 peresenti wa anthu olemera kwambiri, osanena kuti dzenje limenelo alikwirira ndi chiyani kupatula ngongole. Obwereketsa boma ndalama anachita mantha nkuyamba kufuna chiwongola dzanja chokwera, paundi inagwa mpaka pafupifupi dola imodzi ndi masenti atatu, chinthu choti sichinaonekepo, mabanki anayamba kuchotsa ngongole za nyumba zomwe amapereka, mpaka Bank of England inalowererapo kuti ndalama za penshoni zisakokoloke. Ife tinali titangolawa kumene zathu mu May kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndiye kumva kuti paundinso imagwa zinali zachilendo ndithu. A Truss anachotsa a Kwarteng pa 14 October, mnzawo wapamtima amene anangochita zomwe anagwirizana, nkuika a Jeremy Hunt omwe anafafaniza pafupifupi zonse. Nyuzipepala ya Daily Star inaika letesi, masamba aja a saladi osachedwa kufota, patsogolo pa kamera pa intaneti, atamuveka wigi, kuti tione chiyambe kutha nchiyani, letesiyu kapena utsogoleri wa mayiwa. Pa 19 October mayi aja anauza nyumba ya malamulo kuti iwo ndi wolimbana osati wothawa. Mawa lake lomwelo analengeza kuti akuchoka. Letesi anali akadali bwinobwino.

Apanso sikuti anadzimvera chisoni okha. Eni ndalama anakana, aphungu anaona kafukufuku akuonetsa Labour ili patsogolo ndi mapointi oposa 30, a Brady anapita kukacheza nawo ku Downing Street, nkhani nkuthera pomwepo. Masiku 49 okha. Ndipo a Johnson, amanyazi aja, anadula holide yawo ku Caribbean nkukwera ndege kuti ayesenso kubwerera pampando.

Pa 25 October a Sunak analowa, zaka 42, Mhindu, makolo awo anabadwira kuno ku Africa, bambo ku Kenya mayi ku Tanzania. Pa awa ngakhale mamembala sanavote, aphungu anangogwirizana. Mwezi womwewo kuno tinali pa nkhani ya ndalama za feteleza wa AIP, K750 miliyoni zija zinapita ku kampani ya ku Britain komweko yomwe anthu anaitcha butchala, ndipo nduna ya zaulimi sinachoke yokha, inachita kuchotsedwa ndi pulezidenti. Kumeneko okankha ndi aphungu ochokera pansi, kuno timadikira kuti wamkulu akwiye kaye.

Koma musaganize kuti munthu wamba kumeneko anapindulapo chiyani pa kusinthasinthaku. Mitengo ya zinthu inakwera ndi 11.1 peresenti mu October, zomwe anali asanazionepo kwa zaka 41, makamaka gasi ndi magetsi chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine. Achemwali ankandiimbira pa vidiyo atavala jekete ndi chisoti cha ubweya m'nyumba momwe, ati hita amayatsa ola limodzi lokha madzulo, ndipo ndalama zomwe amatumizira amayi zinachepa ndithu, anachita kupepesa. Ogwira ntchito za sitima anali pa sitalaka kuyambira June, a positi nawo, ndipo pa 15 December anamwino a m'bungwe lawo la Royal College of Nursing ananyanyala ntchito. Ndinawafunsa kuti nanga mwa atatuwa wabwinoko ndani, anangoti, “Achimwene, ine ndimalowa ntchito 7 koloko kaya pali ndani.”

Ovota enieni anadikira mpaka pa 4 July 2024. A Conservative anatsala ndi mipando 121 yokha mwa 650, a Keir Starmer a Labour nkulowa m'boma, ndipo a Truss ngakhale mpando wawo wa uphungu ku South West Norfolk anauluza.