Ine ndi wa 59

Amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Wangayo anathera m'sutikesi ali phee, ine osadziwa.

Mipikisano yosambira ndinaisiya mu 2006 ndili ndi zaka 19. Masiku amenewo mamita 100 a freestyle, kusambira kopalasa manja mosinthanasinthana, ndinkawamaliza m'masekondi 59, ndipo nambala imeneyi ndakhala ndikuitchula paliponse pomwe anthu alakwitsa n'kundipatsa mpata wolankhula. Tsiku lina mkazi wanga anangoti, "Bambo a ana, 59 yanuyo kaionetseni madzi. Ife tatopa nayo."

Ndiye ndinakalembetsa kukalabu ya masters, ya osambira akuluakulu omwe amapikisana potengera misinkhu: zaka 25 mpaka 29, 30 mpaka 34, choncho mpaka ukalamba. Usiku wake ndinafukula kabudula wanga wakale. Nditamukoka m'chiuno analira ngati masamba ouma, ine n'kumati akundilonjera. Pano ndikudziwa kuti klorini amadya lasitiki pang'onopang'ono, zaka n'kudzamalizitsa. Chingwe chomangira nacho chinali chitasololoka kalekale.

Hafu faifi m'mawa ndinali padziwe la mamita 25, logawidwa mipata ndi zingwe. Kochi wake anali mtsikana woti mu 2006 mwina anali asanayambe n'komwe sukulu.

"Bambo, munasambira liti komaliza?"

"Posachedwapa," ndinanama.

"Yambani mpata woyambawu, pamodzi ndi agogowa."

Ndinawayang'ana agogowo, mayi wamng'ono thupi wa zaka zoposa 70, akukonza chipewa chawo modekha. Ndinamva kunyozeka. "Achemwali, ine ndi wa 59." Kochi anayang'ana mimba yanga, kenako nkhope, kenako mimba kachiwiri. "Chabwino. Mpata wachisanu."

Pabolodi panalembedwa 10 x 100 pa 1:30. Kwa amene simusambira, ndiye kuti mamita 100 kakhumi, ndipo ulendo uliwonse mumanyamuka pakatha mphindi imodzi ndi theka. Ukafika msanga, masekondi otsalawo ndiye mpumulo wako. Ukachedwa, ndi zako. Wotchi yaikulu yapakhoma ija ilibe chisoni ndi munthu.

Anzanga onse ankayambira m'madzi, kukankha khoma ndi mapazi monga zimakhalira pokonzekera. Ine ayi. Ndinakwera pachiunda chodumphira, ndinaweramira kutsogolo mafupa akulira, n'kudziponya.

Chubwi!

Magalasi anatsikira pachibwano. Zimenezo n'zazing'ono. Chomwe chinandidzidzimutsa n'chakuti madzi ozizira anandikhudza malo omwe samayenera kuwafika msanga chotero. Kabudula anali m'mawondo.

Munthu wanzeru akanaima. Koma mutu wanga unali udakali wa zaka 19, ndiye ndinagwira kabudulayo ndi dzanja lamanzere, lamanja likupalasa lokha, ndikuyenda chokhota ngati nkhanu. Kumbuyo kwanga kunali mnyamata yemwe ananyamuka masekondi 5 pambuyo panga, magalasi ake atsopano owala bwino. Anandigunda phazi. M'dziwe kugunda mnzako phazi ndi kumupempha kuti apatuke udutse, koma ine ndikukhulupirira kuti mnyamatayo ankangopempha kuti zomwe akuonazo zithe.

Kenako khoma. Pansi pa dziwe pamakhala mzere wakuda womwe umathera pachizindikiro chooneka ngati T, mamita 2 kuchokera pakhoma, kuti udziwe pogudubukira. Popanda magalasi T ndinamuona pawiri, ndipo ndinasankha wolakwika. Ndinagudubuka mwaukatswiri ndithu, n'kutambasula miyendo mwamphamvu kuti ndikankhe khoma. Khoma kunalibe. Ndinaponda madzi okhaokha, klorini n'kulowa m'mphuno mpaka kuubongo, ndipo nthawi yomweyo katumba wa mwendo wamanja anakokana n'kuuma gwa ngati mwala.

Tawerengani nane. Katumba akufuna dzanja. Chingwe cha mpata chikufuna dzanja, apo ayi ndimira. Kabudula akufuna dzanja. Manja ndili nawo awiri.

Ndinasankha moyo.

Pa Olympics ku Paris mu 2024, katswiri wa ku China Pan Zhanle anasambira mamita 100 m'masekondi 46.40. Ine m'masekondi ngati omwewo ndinakwanitsa mamita 23, n'kutaya magalasi, kabudula ndi ulemu wonse womwe ndinabwera nawo. Ndinakolekera pachingwepo ndikupuma wefuwefu, anyamata a mpata wachisanu akundilambalala aliyense nkhope atalozetsa kwina.

Amene anandipulumutsa ndi agogo aja. Anadutsa pansi pa zingwe zinayi ndi mpweya umodzi, kutola chinthucho pansi, n'kutumphuka pafupi nane atachinyamula ndi zala ziwiri.

"Mwanangu, uyu ndi wako?" Anamutembenuza uku ndi uku. "Awatu ndi akale. Malemu amuna anga anali naye wotere."

Kuvala kabudula wonyowa uli m'madzi, mwendo umodzi utauma, ndi masewera enanso omwe sanawaike pa Olympics. Kochi anandiponyera kathabwa kaja kogwira pophunzira kumenya miyendo. Ndinatuluka nako m'dziwe nditakagwirira kutsogolo, dzanja lina lili kumbuyo, ndikutsimphina. Sanaseke, Mulungu amudalitse. Anangoti, "Mawa mpata woyamba, bambo. Ndi kabudula wa chingwe."

Mawa lake ndinabweradi, chingwe nditamanga mfundo ziwiri. Agogo ankandipitirira ulendo wachitatu uliwonse, ndipo podutsa ankandigunda phazi mwaulemu. Pomaliza kochi anati aliyense asambire ndi mphamvu zake zonse, iye atenge nthawi. Ndinapalasa mpaka m'maso munada. Nditagunda khoma ndinamva mawu ake:

"59!"

Ndinamenya madzi ndi chibakera, ndikukuwa kuti dziwe lonse limve.

"Anali mamita 50, bambo."

Kunyumba mkazi wanga anandichingamira pakhomo. "Zayenda bwanji lero?"

"59," ndinatero, n'kupempha kuti andithandize kuvula nsapato.