Chivundikiro cha utsi pamwamba pa Harare

Sabata yathayi ndinali wa usiku kuntchito kwathu koyeza zanyengo, ndipo chisanu cha Julaye kuno ku Harare sichinyengerera munthu. Lolemba cha m'ma 1 koloko ndinali m'kashedi ndikupopera mpweya wopepuka wa hydrogen m'chibaluni, zala zili gwa. Kunsi kwake timamangirirako kabokosi kotchedwa radiosonde, koyeza kutentha, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya. Ukangochitaya chimakwera mamita pafupifupi 5 pa sekondi, iwe n'kuthamangira pakompyuta kukaona manambala akubwera.

Mwa masiku onse ukamakwera kumanka kuzizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse. Koma kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu zinatembenuka: chibaluni chitangochoka pansi chinapeza mpweya wofundirapo kuposa umene ndinkapuma ine. Kukakhala kopanda mitambo, nthaka imataya kutentha msanga usiku. Mpweya wapansi umazizira n'kulemera, wofunda uja n'kukhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa poto. Ife timati inversion. Utsi wa nkhuni, wa zinyalala zootcha, wa magalimoto ndi wa mafakitale a ku Southerton umasowa kolowera.

Ndikamaweruka m'mawa, ndili m'kombi yopita kwathu ku Mufakose, chimene ndinaona pa kompyuta chija ndimachionanso ndi maso. Utsi wotuwa uli yaa pamwamba pa Mbare ndi Highfield, wodulidwa bwinobwino ngati ndi mpeni, kumwamba kwake kuli mbee. Kunyumba ndimapeza agogo, amene anachokera ku Dedza ali mtsikana, akutsokomola pambali pa mbaula. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa anthu amangoti n'chimfine cha nyengo.

Lachitatu chibaluni chinayenda bwino kwambiri. Cha pa makilomita 16 kuzizira kunapitirira madigiri 70 kunsi kwa ziro. Kenako kunayambanso kufunda, poti kumeneko kuli mpweya wa ozone umene umamwa cheza choopsa cha dzuwa. Chinakaphulika chitayandikira makilomita 30.

Mnyamata amene akuphunzira ntchito anadabwa kuona barometer yathu, yoyezera kulemera kwa mpweya, ikusonyeza cha m'ma 850, pomwe m'buku anawerenga 1013. Ndinamuuza kuti 1013 ndi ya kunyanja ngati ku Beira, ife tili mamita pafupifupi 1,500 pamwamba. Mpweya ndi womwewo, magawo 78 pa 100 naitirojeni ndi 21 okosijeni, koma wotipsinja pamutu ndi wocheperapo. N'chifukwa chake madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95, ndipo nyemba zimadya nkhuni zambiri.

Lachinayi mphepo inatembenukira kum'mwera chakum'mawa, kunabwera mitambo yotsika ndi kamvula kowaza. Anzanga akuno amati guti. Agogo atasuzumira pazenera anangoti, "Iwe, chiperoni chatipeza kuno." Kunazizira tsiku lonse, koma mphepoyo inasesa utsi wonse, ndipo usiku umenewo anagona osatsokomola kwambiri.

Lachisanu usiku nyenyezi zinabwerera, mphepo ili zii, ndipo manambala anaonetsa chivundikiro chija chikuyambanso. Nditaweruka Loweruka ndinadzera kumsika wa Mupedzanhamo kukagula bulangete lochindikala. Ndinawapatsa agogo n'kuwapempha kuti, "Agogo, mbaula ija isamalowenso kuchipinda, mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo." Analifunda pomwepo, mbaula n'kutsala pakhonde.